Tsiku lomwe ndinatsuka miyala ya bambo a Tiya

"Amake Tiya, nanga miyala mwayanika apa ni ya chani?"

Anandifunsa choncho ndi Anti Misozi, mayi wa ku Zambia amene tinayandikana naye nyumba ku Wakefield, atasuzumira pa mpanda wa matabwa wolekanitsa timabwalo tathu takuseri. Linali Lachisanu masana, dzuwa litawala mwangozi monga limachitira kuno. Ine ndinali nditamanga chitenje pamwamba pa jinzi, zala zitachita makwinya ndi madzi, msana ukuwawa, koma mumtima muli chimwemwe chokhachokha.

"Ndi ya m'thanki ya nsomba ija, Anti. Mawa kukubwera wogula."

"Mmm. Nanga bamuna banu baziba?"

"Adzadziwa akabwera. Ndikufuna adzadabwe."

Anadabwadi. Pa zonse zomwe ndinakonza sabata imeneyo, chokhacho ndicho chinayenda monga ndinafunira.

Ndiyambe ndi thankiyo. Bambo a Tiya ndi nesi pa chipatala cha boma kuno, ndipo ine ndinawatsatira titangokwatirana. Thanki ndinaipeza ili kale pabalaza ngati mkazi wamkulu. Anaigula kwa mnzawo wa kuntchito amene ankasamukira ku Australia. Kutalika kwake ngati sofa, madzi ake amchere, nsomba zake zisanu ndi ziwiri, zamawangamawanga ngati zitenje za pa ukwati, koma zonse pamodzi sizikanakwana ndiwo za munthu mmodzi. (Munthu wa ku Ntcheu, woti sadziwa n'kusambira komwe, kumaweta nsomba za m'nyanja yamchere. Zimenezi ndinangozisiya m'manja mwa Mulungu.)

Ndalama za ovataimu zinkathera mmenemo. Lero nyale, mawa pampu, mkuja chidebe cha mchere wapadera chodula kuposa thumba la mpunga. Akaweruka ku shifiti ankayamba agwada kaye pagalasipo, nsapato zili kuphazi, kenako n'kukumbukira kuti m'nyumbamo mulinso anthu. Ine sindinkadandaula. Amuna ena amathera ku mowa, ena kobetcha mpira. Wanga ndinkadziwa komwe ali. Vuto linali lakuti akayamba kufotokoza za thankiyo, Chichewa chinkawathera. Ankalowa Chingerezi cha m'mabuku, mawu aataliatali ngati mayina a mankhwala. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7. Ndinkangoti "eee," "ooo," "zoona?" kwinaku ndikupinda zovala.

Koma chomwe chinkandidya moyo ndi litsiro. Galasi lakutsogolo ankalipukuta, inde, koma lakumbuyo linali ndi zigamba za mtundu wa pepo, zolimba ngati zipere. Miyala yomwe anaiunjika mkatimo inali yabulauni, ina yobiriwira, ina itamera ubweya. Pamiyalapo panamera tinthu tina ngati bowa, tina ngati timaluwa, tina ngati zala za khanda, tonse tikugwedezeka ndi madzi. Iwo ankatitchula kuti makorali. Ine ndinkaona ndere. Tsiku lina kunabwera amayi a ku tchalitchi kudzapemphera, ndipo mmodzi, atayang'anitsitsa thankiyo, anandinong'oneza kuti, "Mukatanganidwa ndi mwana muzinena, asisi, tizibwera kudzakuthandizani kutsuka." Ndinaseka naye, koma mawuwo anandikhala pakhosi ngati munga wa usipa. Zaka zisanu ndinapirira osakhudza.

Tsono nkhani yogulitsa inabwera chifukwa cha amayi anga. Tiya anali atakwanitsa zaka zinayi agogo ake asanamugwirepo n'dzanja lomwe. Ankangomuona pafoni, nayonso ya mwana wa achimwene yosweka galasi. Tikaimba ankati, "Kodi mwanayo mukufuna ndidzamuone pa chinkhoswe chake?" Tinkaseka, koma foni ikaduka ine ndinkakalowa kubafa, n'kutsegula mpope kuti anthu asamve. Ndalama zomwe tinasunga sizinkakwana matikiti awiri, yanga ndi ya mwana. Tsiku lina m'mawa bambo a Tiya, ali chogwada pagalasi paja, anangoti osatembenuka, "Ndiigulitsa. Mupite Ogasiti."

Sindinawapemphe. Ananena okha. Anajambula zithunzi, n'kuziika pa intaneti, ndipo pasanapite nthawi anagwirizana ndi bambo wina wa cha ku Manchester, dzina lake Gary, mapaundi 1,200, zonse pamodzi. Kuphatikiza ndi zomwe tinali nazo, matikiti ankakwana, n'kutsalako ya shuga ndi sopo wa achibale. Anapangana kuti adzabwere Loweruka masana.

Lachinayi madzulo kunabwera uthenga woti ku Liverpool kwamwalira mkulu wina wa kwathu. Mukudziwa mmene timachitira kuno: amuna amapita kukakhala ndi anamfedwa, kukakambirana zotumiza thupi kumudzi. Bambo a Tiya ananyamuka Lachisanu m'mawa, suti yakuda ili pamkono. Ali pakhomo anandisiyira malamulo awiri.

"Chakudya muzipatse kamodzi, kongotsina pang'ono. Ndipo chonde, mayi a Tiya, musazimitse magetsi a hita ndi pampu. Mawa ndifika wogulayo asanabwere."

"Ndamva."

Ndipo ndikufuna mudziwe kuti malamulo awiri onsewo ndinawasunga.

Nditasiya Tiya ku nazale, ndinabwerera n'kukhala pa sofa moyang'anana ndi thankiyo. Ine ndinakulira pa Lizulu, pambali pa msewu, ndikuthandiza amayi kugulitsa mbatatesi ndi tomato. Kumeneko sungaike katundu pamulu ali ndi dothi. Mbatatesi iliyonse tinkaitsuka payokha, tomato tinkamupukuta ndi kansalu mpaka aziwala, chifukwa munthu ali m'basi amagula ndi maso. Amayi ankatikwapula chifukwa cha karoti mmodzi wamatope. Tsono ine, mwana wa mayi ameneyo, ndilandire mapaundi 1,200 a mwini wake n'kumupatsa zipere ndi ndere? Akafika mzunguyo n'kuona litsiro, sayamba kutsitsa mtengo? Kapena kubwerera kumene? Ndinaona matikiti athu akuuluka okha. Ndinati ayi, bambowa achita mbali yawo, nanenso ndichite yanga.

Sindinachite mwaphuma. (Ndikunena izi chifukwa ena akamva nkhaniyi amaganiza kuti ndinapenga. Ayi, ndinachita mwadongosolo, ndipo n'zimene zimandipweteka.) Ndinatunga madzi a m'thanki momwemo m'chidebe chachikulu, monga ndinkawaonera eni ake akuchita. Ndinasamutsira hita ndi kapampu kakang'ono m'chidebemo, zili zoyaka. Nsomba zinkabisala m'miyala, choncho ndinayamba ndatulutsa miyala, umodziumodzi, kukaiika m'bafa losambira. Kenako nsombazo ndinazigwira ndi sefa ya ufa, mwaulemu, n'kuziika m'chidebe muja. Palibe ndi imodzi yomwe inavulala. Ndinadziyamikira.

Miyala itachoka, ndi pamene ndinaona kukula kwa vuto. Nkhono! Zambirimbiri, pagalasi, pamchenga, paliponse. Tinkhanu tatsitsi tobisala m'zigoba. Tinyongolotsi. Ndinagwira pakamwa. Ndinati kodi bambowa zaka zonsezi amagwada pano akuyang'ana chiyani, osaona kuti katundu wawo wagwa anankafumbwe? Ndinatola chilichonse ndi supuni, kudzaza mbale, n'kukakhuthula kuseri, patsinde pa mpanda. Madzi otsala m'thanki ndinawatunga ndi ndowa n'kumakathira m'chimbudzi mpaka kuuma.

Ndiye ndinalowa kubafa kukakumana ndi miyala. Ndinayamba ndi bulashi yochapira. Tibowa tija tinkanyala tikakhudzidwa, n'kumatulutsa zonanda ngati therere. Tina tinkakanirira, ndinkatipala ndi supuni. Zapepo zija bulashi inazilephera. Ndinatenga waya wotsukira mapoto, nayenso anangotha. Ndinaganiza zowiritsa miyalayo, koma poto wanga wamkulu anali kwa amayi a ku tchalitchi aja chibwerekereni pa phwando la ubatizo, ndipo m'timapoto tinato simukanalowa mwala ndi umodzi womwe. Fungo nalo linayamba, la padoko la asodzi masana. Ndinatsegula mawindo, ndinavala magolovesi, ndinadzaza bafa ndi madzi a pampope, n'kuthiramo jiki, botolo lathunthu.

Abale anga, mukanaona. Pomwe ndinkamaliza kutsuka mchenga (ndinautsuka ngati mpunga, kutaya madzi, kuthira ena, mpaka madziwo atayera), miyala ija inali itasanduka. Mbee! Ngati ufa woyera wochokera pa mphasa. Sindinkadziwa n'komwe kuti pansi pa litsiro lonse lija panali zokongola chonchi, timabowo ndi timizere ngati zoluka. Ndinaitsukuluza, n'kukaiyanika kuseri pamapepala a pulasitiki. Ndi nthawi imeneyo pomwe Anti Misozi anasuzumira ndi funso lawo lija. Galasi lakumbuyo ndinalipala ndi lezala mpaka kumadziona nkhope.

Bambo a Tiya anaimba madzulo.

"Nsomba zadya?"

"Zadya."

"Magetsi?"

"Akuyaka."

"Mwachita bwino."

Lilime linkandiyabwa kuti ndiwauze, koma ndinadzigwira.

Loweruka m'mawa ndinadzaza thanki ndi madzi a pampope. Mchere ndinatapa m'chidebe chawo chodula chija, n'kumathira pang'onopang'ono, kutakasa ndi mthiko, kulawa ndi chala, kulawanso a m'chidebe cha nsomba, mpaka kukoma kwake kutafanana. (Pa nkhani yolawa mchere sindinalakwitsepo chibadwire. Ngakhale a Gary anadzavomereza kuti mcherewo ndinauyeza bwino. Ndicho chokha chomwe anavomereza.) Miyala ndinaisanja monga timasanjira mbatatesi, ikuluikulu pansi, yooneka bwino kutsogolo, umodzi pamwamba. Ndinabwezera hita ndi pampu, kenako nsomba. Nyale zitayaka ndinabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma. Zinali ngati za m'sitolo. Ndinasamba, ndinavala diresi la ku tchalitchi, ndinaika ketulo pamoto.

A Gary anafika msanga, bambo a Tiya asanatulukire. Chimunthu chachikulu, chandevu, mikono yonse yojambulajambula, koma mawu ofatsa. Kuno aliyense amakutchula kuti "lavu," kaya ndi woyendetsa basi kaya wogulitsa nyama, ndiye nayenso anayamba choncho. Anatsegula vani yake, ndipo ndinaona zidebe za zivindikiro zitadzaza mpaka kudenga.

"Zonsezi n'zachiyani?" ndinafunsa m'Chingerezi changa chothyokathyoka.

"Zotengera madzi, lavu. Madzi akalewo ndiwatenga ambiri ndithu. Zamoyo zikasintha madzi mwadzidzidzi zimadwala."

 Madzi akale? Omwe aja a m'chimbudzi? Koma ndinadzilimbitsa mtima kuti akaona atsopanowo asangalala.

Anavula nsapato pakhomo, munthu waulemu. Analowa pabalaza. Anaima. Ine ndinaima pambali pake, manja kumbuyo, ndikudikira mawu oyamikira.

Anayang'ana thanki, anayang'ana mbali zonse za chipinda, n'kuseka pang'ono.

"Ayi, lavu, ine ndabwerera ija ya pa chithunzi."

"Ndi yomweyi."

"Ayi, ija yokhala ndi makorali."

"Ndi yomweyi, bambo. Ndaitsuka."

Sindinaonepo munthu akusintha mtundu chotero. Anthu akuda tikadzidzimuka nkhope imasunga chinsinsi, koma uyu anayamba kufiira, kenako kuyera, kenako mtundu wina womwe sindiudziwa dzina. Anasendera pafupi, ananunkhiza pamwamba pa madzi, n'kutembenuka.

"Mwatsuka ndi chiyani?"

Ndinakatenga botolo lija m'bini n'kumuonetsa. Ndinkaganiza kuti mwina akufuna adziwe mtundu wake kuti azikagwiritsa ntchito kwawo.

Bamboyo anakhala pansi. Osati pa sofa, pansi penipeni pa kapeti, miyendo tambalale ngati mwana. Kenako anadzambatuka ngati walumidwa ndi linthumbu, maso ali pa nsomba. Ndi pamene nanenso ndinaziyang'ana bwino. Chiziikireni ndinkangoyang'ana miyala. Ziwiri zinali pamwamba, kukamwa kuli yasa, yasa. Ina yachikasu inkasambira chammbali ngati woledzera.

"Madzi akale! Alipo otsala? Paliponse?"

Mwamwayi chidebe chija chinali chikadali kukhitchini, ndinali ndisanachitaye. Anathamanga nacho yekha, madzi akukhavukira pa kapeti, n'kuyamba kuvuula nsomba ndi kaukonde kake, akuzilankhula ngati ana: "Bwera, mwanawe, bwera, pepa." Ine ndinangoima ndi sefa m'manja, osadziwa kuti ndaitenga nthawi yanji.

Atamaliza anapukuta ndevu n'kundifunsa mwakachetechete, "Simunaiwiritse miyalayi, eti?"

"Poto anachepa."

"Thokozani Mulungu. Makorali ena ali ndi poizoni. Nthunzi yake ikanakugonekani m'chipatala nyumba yonse, ndi mwana yemwe."

Ndinakhala pa sofa. (Amayi a ku tchalitchi aja poto sanabwezebe mpaka lero, ndipo sindidzawafunsa.)

Ndiye anatulutsa foni, n'kutsegula chithunzi chomwe bambo a Tiya anaika pa intaneti. Anandifotokozera pang'onopang'ono, m'Chingerezi chosavuta, choti ngakhale Tiya akanamva. Galasi, nyale, mapampu, zimenezo n'zotchipa, zimapezeka paliponse. Chomwe iye anayendera ulendo wonsewu ndi miyala ija ndi zomera pamwamba pake. Miyalayo inali yamoyo. Mkati mwake munkakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timayeretsa madzi, ndipo timatenga zaka kuti tikhazikike. Zapepo zija ndi chizindikiro choti thanki ili ndi thanzi, anthu amazinyadira. Makorali aja si ndere, si maluwa, ndi nyama. Zimadya, zimakula, zimaswana.

Mwala wamoyo ine ndinkaumva pa guwa pokha. Sindinkadziwa kuti ndili nawo pabalaza, wodzaza bafa.

Anayamba kuloza pachithunzipo ndi chala chake chachikulu. "Ichi chobiriwirachi, chokha, mapaundi 80. Ichi chonga zala, amuna anu anachilera kuchokera pa kachidutswa kochepa ngati chikhadabo." Chilichonse chomwe ankaloza ine ndinkachikumbukira bwinobwino. Chobiriwiracho n'chimene chinandivuta, ndinachita kuchipala ndi supuni ya tiyi.

"Nanga nkhono? Munali nkhono zambiri, ndi tinkhanu."

"Zinali zofunikanso?"

"Zimagulidwa, lavu. Ndi zomwe zimadya ndere. Ndiwo antchito otsuka."

Nkhono. Kugula nkhono ndi ndalama, imodziimodzi. Kwathu nkhono ikalowa m'dimba timaiponya kutchire, ndipo palibe amakulipira. Ndinamulozera kuseri.

Mmene bambo a Tiya ankalowa pakhomo, atavala suti yakuda, maso ali ofiira ndi tulo ta pamaliro, anapeza zinthu zili motere: kapeti yanyowa, nsomba zili m'chidebe, mkazi wawo wavala diresi la ku tchalitchi ndipo wagwira sefa, ndipo pawindo pakuoneka chimzungu chachilendo chikukwawa patsinde pa mpanda, chikufukula udzu.

Anayang'ana thanki nthawi yaitali.

"Mayi a Tiya," anatero mofatsa kwambiri, "iyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu."

"Yanga ili kuti?"

 Anayandikira, anapisa dzanja m'madzi osapinda n'malaya omwe, anatulutsa mwala wapamwamba uja, anautembenuza uku ndi uku ngati akufuna nkhope ya munthu amene amamudziwa. Anaubwezera bwinobwino pomwe unali. Kenako anakhala pa sofa n'kugwira mutu.

A Gary analowa atafumbata kanthu. Anatambasula dzanja: nkhono imodzi, yomwe inadzitsekera m'chigoba usiku wonse, inali ikadali moyo. Anaiika m'chidebe mosamala ngati dzira. Kenako anakakhala pambali pa bambo a Tiya, anthu oti sanaonanepo, n'kuwaika dzanja paphewa.  Amuna awiri, mitu pansi.

Nthawi yomweyo Anti Misozi, omwe anaona bambo a Tiya akutsika pa basi, anagogoda n'kulowa. Ataona mmene anthu akhalira, anakonza chitenje, anagwada pakhomo la pabalaza, n'kuyamba ndi mawu a pamaliro.

"Pepani, atate ba Tiya. Pepani maningi. Ni njira ya tonse. Banadwala nthawi itali?"

"Ayi, Anti," anayankha bambo a Tiya osadzutsa mutu. "Dzulo m'mawa ndinawasiya ali bwinobwino."

"Ah! Nanga si mwenze ku malilo dzulo?"

Ndinawakokera kukhitchini n'kuwafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto, anasuzumira pabalaza, anayang'ana thanki, n'kundinong'oneza, "Koma yayera, mwandi." Kenako anatuluka msangamsanga, dzanja lili pakamwa, ndipo ndinawamva akuphulika kuseri kwa mpanda.

A Gary anati galasi, nyale ndi mapampu atenga pa mapaundi 250, ndipo ndikukhulupirira kuti 50 yapamwambayo inali chipepeso. Miyala anati mwina idzakhalanso ndi moyo, akaiviika miyezi yambiri n'kuisakaniza ndi ina yamoyo, koma pakali pano ndi miyala basi, ngati ya m'munda. Nsomba zomwe zinapulumuka anatenga kuti akazisamalire. Tiyi sanamwe. Potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Chibadwire sindinaonepo galasi loyera chonchi." Sindikudziwa ngati kunali kuyamikira.

Vani itapita, pabalaza panatsala mpata waukulu, ndi chizindikiro pa kapeti pomwe thanki inkakhala. Bambo a Tiya sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Bwanji osandifunsa?"

"Ndimafuna mudabwe."

"Ndakuuzani kangati, mayi a Tiya, kuti miyala ija ndi yamoyo? Kangati?"

"M'chilankhulo chanji?"

 Anaganiza. Ndinaona akufufuza m'mutu mwawo zaka zisanu zonse, kufunafuna tsiku limodzi lomwe ananena zimenezo m'Chichewa. Sanalipeze.

"Komabe," anatero.

"Komabe," ndinavomera.

Anadzuka n'kukavula suti. Sabata yonse yotsatira, akaweruka ku shifiti, miyendo inkawatengera pamalo paja yokha, n'kuima akuyang'ana khoma. Ine ndinkawaphikira zomwe amakonda zokhazokha, koma nsomba sindinayerekeze.

Chovuta kwambiri chinali kuimbira amayi. Ndinazengereza mpaka Lamlungu litadutsa. Mwana wa achimwene uja atawapatsira foni, ndinayamba ndi moni wautali, kufunsa mbuzi, kufunsa mvula, kufunsa anthu omwe sindiwakonda n'komwe.

"Iwe, nena chomwe waimbira. Mukufika liti?"

"Amayi, Ogasiti uno zakanika."

 Ndinamva tambala akulira chapatali kumeneko, ndipo ndinalakalaka nditangolowa m'foni momwemo.

"Wadwala ndani?"

"Palibe. Ndinatsuka miyala ya bambo a Tiya."

"Wati chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa sefa mpaka pa nkhono. Anandidula kangapo kuti ndibwereze.

"Tadikira. Mzunguyo amafuna kugula miyala?"

"Eya."

"Yakuda?"

"Eya, amayi."

"Ndiye utaitsuka wakana?"

"Eya."

"Ndi wabwinobwino mutu wake?"

"Ndi wabwinobwino. Miyalayo inali yamoyo."

"Mwana wanga, kodi kumeneko mukupemphera?"

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafunenso kusiya. Amayi anandisiya ndilire. Kenako anati, ndi mawu otsika, "Basi, chaka chamawa. Nkhuku yomwe ndinamusungira mwanayo ndiye yapulumuka. Koma uwauze apongozi angawo kuti ngati ndi miyala yakuda akufuna azunguwo, kuseri kwa nyumba kuno yadzaza, ndere zake n'zomwezo. Angotumiza ya thiransipoti."

Chiyambire tsiku limenelo ndimafunsa ndisanatsuke chinthu cha munthu. Ngakhale kapu ya bambo a Tiya ya kuntchito, yomwe mkati mwake mwada ngati mphika wa mowa, ndimayamba ndaionetsa: "Iyi ndi yamoyo?" Iwo sakuseka nazobe. Koma ndinene zoona pano, poti sawerenga zimenezi: thanki ija sinakongolepo ngati mmene inakongolera m'mawa wa Loweruka lija.

Tinalandira mapaundi 250 m'malo mwa 1,200. Tinataya mapaundi 950, nsomba zinayi, makorali onse, nkhono zonse kupatula imodzi, ndi ulendo wa Ogasiti.